Sibongile Ngozo ndi Mlandu wa Chikopa cha Mbuzi

Ine ndine Hanifa, ndili ndi kagolosale pa Manjawira, ndipo anthu amati ndili ndi pakamwa. Sindikana. Koma pali munthu mmodzi amene pakamwa pangapa sipamufika, ndiye Sibongile Ngozo, amene amayi akuluakulu amamutchula kuti Nangozo. Chaka chino akumaliza maphunziro a zamalamulo ku yunivesite ku Zomba ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Kale ndinkamuseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo zimenezo ndizinena poyera kuti wina asadzandinenere.

Kwawo ndi ku Kasinje. Bambo ake, a Thomas Ngozo, anali m'gulu la amuna aja anapita ku migodi ya ku Joni n'kubwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Chifuwacho chinawatenga Sibongile ali Sitandade 7, wailesi inafa yokha, njinga ndiyo inatsala. Mtsikanayo analekeza sukulu ali Fomu 2 chifukwa cha mimba. Anakwatiwa ndi Duncan, yemwe naye anapita ku Joni komweko kukasaka ganyu n'kutchona, osatumiza ngakhale moni. Sibongile sanakhale pakhomo kudikira. Anatenga njinga ya bambo ake ija, nayamba kupikula mpunga ku Bwanje n'kumadzagulitsa kuno. Beseni lake ankaliika pakhonde la golosale yanga osapempha n'komwe. Tinakangana sabata yathunthu, kenako tinakhala mabwenzi.

Za malamulozi zinayamba ndi ndewu ya amuna awiri amene ankalimbirana malo pamsika. Sibongile anaona zonse, ndiye anamuitana kukhoti ngati mboni. Anapitako kanayi, mlandu ukungosunthidwa, ndipo podikira ankakhala pabenchi kumvetsera milandu ya anthu ena. Wina akanangodandaula za mpunga umene sunagulitsidwe masiku amenewo. Iye anabwerako nakhala pambali pa beseni lake ngati wadwala.

"Hanifa, m'nyumba muja anthu sakumvana," anatero. "Onse akulankhula Chichewa chomwechi, koma wofunsa akufunsa zina, woyankha akuyankha zina, kenako munthu akupita kundende."

"Ndiye iwe ukawamvanitsa?"

"Mwina."

Ndinaseka mpaka kukhetsa misozi. Mwezi wotsatira anakalembetsa sukulu ya masana, mayi wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, kukakhala pa desiki limodzi ndi ana osiyana pang'ono ndi mwana wake Pauline. Mayeso a Fomu 4 anawalemba kawiri. Koyamba masamu anamugwetsa, ndipo ine ndinamuuza kuti azingoyeza mpunga poti masamu ake amathera pa kapu. Kachiwiri anakhoza moti aphunzitsi ake anabwera kudzamugwira chanza pakhonde panga pomwepa. Ku yunivesite anayamba ndi maphunziro a chikhalidwe cha anthu, ndipo patatha chaka analemba mayeso ena olowera ku zamalamulo, nakhozanso. Pauline anatsala ndi agogo ake ku Kasinje.

Patchuthi ankabwerera pa beseni lake, dzanja lina kapu, lina buku lonenepa ngati njerwa. Iye ankawafunsa makasitomala mafunso achilendo. Mukaberedwa mumayamba kupita kwa ndani? Munthu akatuluka pa belo mumaganiza kuti chachitika n'chiyani? Zoyankha zawo ankazilemba m'kope. Ena anayamba kunong'onezana kuti Nangozo walowa ukazitape, ndipo ine sindinawatsutse chifukwa zinkandikomera kumva.

Tsopano ndinene za mlongo wanga Bakili. Ndi wamng'ono kwa ine, ali ndi butchala kuseri kwa msika, mkazi wake ndi Lukia, ndipo ana ali nawo anayi. Thupi ndi lalikulu, koma mtima ndi wa mwana. Ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo.

Tsiku lina la msika, Sibongile ali patchuthi cha chaka chake chachitatu, kunabwera mwamuna wina wodzitchula kuti Cedric, atamangirira mbuzi pa njinga. Bakili anaigula masanasana pansi pa mtengo pomwe anthu onse amagulitsirapo mbuzi. Anaizinga monga mwa chipembedzo chathu, alangizi a ziweto anaiyeza nyamayo, iye n'kuigulitsa yonse. Chikopa anachikhoma ndi zikhomo pansi, m'mbali mwa msewu, pomwe amayanika zikopa zake zonse. Patapita masiku awiri anadutsa pamenepo bambo wina wa ku Bwanje, a Nathan, amene akuba anawathyolera khola n'kutengamo mbuzi zitatu. Anaima, nayang'ana chikopa chakudacho ndi banga lake loyera pam'mbali, kenako anakuwa. Cedric uja palibe anadziwa kolowera kwake. Bakili anagona m'chitokosi tsiku limodzi, natuluka pa belo, atauzidwa kuti Lachinayi akaonekere kukhoti pa mlandu wakuba ziweto.

Lolemba madzulo tinasonkhana kwa atsibweni athu, Che Yasin, amuna pamkeka, ife amayi chapatali. Che Yasin si munthu woipa, musandimve molakwa. Ndi munthu wofatsa amene wayanjanitsa mabanja ambiri kuno, ndipo malangizo amene anapereka tsikulo ndi omwe akhala akugwira ntchito moyo wawo wonse. Kwathu kuno mlandu umatha ndi kugwada. Kaya walakwa kwambiri, kaya pang'ono, kaya zangokugwera, umadzichepetsa pamaso pa akuluakulu, umati ndalakwa ndikhululukireni, umapereka nkhuku kapena mbuzi, mitima imazizira, mawa mumapatsana moni. Wolimbalimba amatchedwa wamwano, ndipo chindapusa chake chimakula.

"Bakili, ukafika kumeneko usakatalikitse nkhani," anatero Che Yasin. "Chikopa anachipeza pako, nyama unagulitsa ndiwe. Ukagwade, ukavomere, ukapepese. Woweruza ndi munthu, akakumvera chisoni. Mbuzi ya eni ake tidzasonkha tibweze."

Tonse tinavomereza, ndipo ine ndinavomereza mokweza kuposa onse. Ndinatenga mkanjo wake woyera kukauchapa ndekha kuti akaoneke munthu waulemu pogwadapo.

Lachiwiri m'mawa ndinamufotokozera Sibongile monga nkhani yotha kale. Anali akuyeza mpunga, ndipo kapu inaima m'malere.

"Akavomera chiyani?"

"Mlanduwo. Kuti zithe msanga."

"Hanifa, zikathadi msanga. Munthu akavomera kukhoti sipakhalanso mboni, sipakhalanso kufufuza. Chigamulo chimaperekedwa pomwepo, ndipo kuba ziweto si mlandu wa nkhuku imodzi. Ndi zaka, m'bale wanga. Lachinayi Bakili sakabwerako."

Ndinamuyankha mwaukali kuti mabuku amupengetsa.

Masana omwewo anamanga chitenje, nafunda mpango kumutu ngakhale iye ndi wa mpingo, napita kwa Che Yasin. Ine ndinatsatira kuti ndikaone akuchita manyazi. Anagwada chapatali, nadikira mpaka atamulola kulankhula, nafotokoza zonse mwaulemu, osatchula liwu limodzi la Chingelezi. Che Yasin anamvetsera mpaka kumapeto, akusisita ndevu zawo.

"Mwana wanga, sukulu ndi yabwino," anatero. "Koma ine ndakamba milandu iwe usanabadwe. Ukufuna mwana wa mlongo wanga akalimbane ndi boma? Anamvapo ndani kuti munthu anakana pamaso pa woweruza n'kupindula? Zikomo pobwera."

Sibongile sanatsutse. Anathokoza, nadzuka, ndipo panjira sanawanene mkuluyo ngakhale pang'ono. Ine ndi amene ndinalankhula njira yonse, kumudzudzula kuti akusokoneza banja la eni ake. Anangondifunsa ngati Bakili ali ku butchala.

Tinamupeza akunola mpeni, maso ali psu. Sibongile anakhala pa kreti ya zakumwa namufunsa funso limodzi.

"A Bakili, mundiuze zoona, chifukwa ine bodza sindingakuphunzitseni. Munkadziwa kuti mbuzi ija ndi yakuba?"

"Wallahi sindinkadziwa, asisi. Ndikanadziwa sindikanaiyandikira."

"Ndiye simunabe. Tiyeni tiyesere. Ine ndine woweruza. Bakili Idris, mukuvomera kapena mukukana?"

"Ndikukana," anatero mlongo wanga, mawu ake ngati a mwanapiye.

Sibongile anakwinya nkhope nakweza mawu. "Mwati chiyani?"

"Pepani, bwana."

Anayesera katatu, ndipo katatu konse chimunthu chonsecho chinathera pa pepani, pamaso pa mayi wogulitsa mpunga wokhala pa kreti. Ine ndinaphulika kuseka. Sibongile sanaseke. Pamenepo ndi pomwe ndinaona chimene maphunziro aja anachita m'mutu mwake. Wina akanapitiriza kumukalipira Bakili mpaka Lachinayi. Iye anayang'ana munthu amene anali naye, mmene analeredwera, ndi mawu a atsibweni amene anali atakhala kale m'makutu mwake.

"Chabwino," anatero. "Kukana poyera ndiye njira yabwino, ndipo mukakatha mukachite zimenezo. Koma munthu wa kuno sungamuphunzitse kukana wamkulu m'masiku awiri. Mawondo akakakugonjerani, kagwadeni. Pakamwa pakakafuna kupepesa, kapepeseni. Ine ndikupempha chinthu chimodzi chokha: mukapepesa musakakhale chete. Mukamalize nkhani yonse, kuyambira pa njinga mpaka pa chikopa."

"Zikathandiza chiyani nditapepesa kale?"

"Lamulo limati woweruza asalandire kuvomera kwa munthu ngati mawu a munthuyo akusonyeza kuti sanachite chimene akumunenera. Akamva kuti munagula masana, osadziwa kanthu, ayenera kulemba kuti mwakana, ngakhale inu musanene liwulo. Koma amve. Mukakhala chete alibe pogwira."

Anamuuzanso mosabisa kuti iye sanakhale loya, ndipo m'khotimo sangatsegule pakamwa ngakhale zitavuta chotani. Bakili akaima yekha.

Masiku awiri amenewo beseni la mpunga ndinkayang'anira ndine. Sibongile ankakhala ku butchala, Bakili akudula nyama, iye akuti, "Yambiraninso." Njinga inali yotani? Munaima pati? Analipo ndani? Chikopa munachikhoma nthawi yanji? Makasitomala anaimva nkhaniyo mpaka kuiloweza. Akachoka pamenepo ankazungulira msika ndi kope lake lija, kulemba mayina a amene anaona malondawo akuchitika. Anapeza anthu anayi, kuphatikizapo mayi wogulitsa tomato amene anathandiza kugwira njinga pomwe ankamasula mbuziyo.

Lachinayi tinadzaza minibasi. M'khoti tinakhala pabenchi limodzi, Che Yasin kumapeto, kenako Lukia, ine, ndi Sibongile pambali panga. Woweruza anali mayi wovala magalasi, wamng'ono msinkhu kwa Bakili yemwe.

Mlandu wathu usanafike anaitana bambo wina woganiziridwa kuti anaba malata. Atamuwerengera mlandu anapinda manja nati, "Ndalakwa, bwana, mundikhululukire." Woweruza anamufunsa ngati akumvetsa tanthauzo la kuvomerako, iye anati eya. Wapolisi wozenga milandu anawerenga mmene zinachitikira, woweruza anafunsa ngati ndi momwemo, iye anati ndi momwemo, mutu uli pansi. Kaya anabadi kaya ayi, ine sindikudziwa. Chimene ndinaona n'chakuti nthawi yowiritsira tiyi isanakwane, munthuyo anali atapatsidwa zaka zitatu, ndipo mkazi wake ankagubuduzika panja. Ndinasuzumira kwa Che Yasin. Anali atagwira bondo lawo.

Kenako anaitana Bakili. Analowa m'bokosi muja ndi mkanjo wake woyera, thukuta lili kamukamu. Atamuwerengera mlandu n'kumufunsa ngati akuvomera kapena akukana, mlongo wanga anazimiririka. Anagwada m'bokosimo, kunja kungooneka mzuli wokha. Anthu anaseka, kalaliki namuuza kuti aimirire. Anaimirira, nayang'ana woweruza, nayang'ana atsibweni.

"Bwana, ndalakwa," anatero. "Mundikhululukire."

Ndipo anakhala chete.

Ndakhala ndi mantha kangapo pa moyo wanga, koma ngati a nthawi imeneyo sindinakhalepo nawo. Woweruza anatola cholembera. Lukia anabisa nkhope m'mpango. Zikhadabo za Sibongile zinalowa m'mkono mwanga, koma milomo yake inali yotseka ndithu, sanatsokomole, sanagwedeze mutu, sanachite kalikonse komupatsa chizindikiro. Ine ndinkafuna kukuwa, ine yemwe uja ndinavomereza mokweza kuti akagwade.

"Koma nkhani sinathe, bwana," anatero Bakili.

Woweruza anadzutsa mutu. "Pitirizani."

Anayamba monjenjemera, koma mawu aja anali atawanena kambirimbiri ali ndi mpeni m'manja, ndiye anangotuluka okha. Ananena za njinga yakuda yopanda mabuleki, za mwamuna wodzitchula Cedric, za mtengo wa pamsika, za mayi wa tomato, za alangizi amene anayeza nyama. Pofika pa chikopa mawu anali atabwerera m'chifuwa.

"Chikopacho ndinachikhoma pamsewu penipeni, bwana, pomwe ndimakhoma zikopa zanga zonse, aliyense wodutsa akuona. Ndikanadziwa kuti ndi chakuba ndikanachiponya m'chimbudzi."

"Munkadziwa kuti mbuziyo ndi yobedwa?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye mukupepesa chiyani?"

"Ndikupepesa kuti bambo awa, a Nathan, ataya ziweto zawo, ndipo imodzi inadutsa m'manja mwanga. Zikundiwawa."

Woweruza anamuyang'ana kanthawi pamwamba pa magalasi, kenako analemba. "Khoti lalemba kuti mukukana mlandu. Belo wanu apitirire. Mudzabwere ndi mboni zanu."

Bakili anadzidzimuka ngati amutukwana. "Ayi, bwana, ine sindikukukanani inu ayi..."

"Tsikani, bambo," anatero woweruza, ndipo ndinaona akubisa kumwetulira.

Titatuluka Sibongile anakhala pansi pa mtengo. Ndinayang'ana mkono wanga, panali timabala tinayi. Sanadzitame, sanati ndinakuuzani. Anangoti ntchito ikuyamba kumene, ndipo analemba kalata yopita ku ofesi ya boma yothandiza anthu osauka pa milandu, kupempha loya, naphatikizapo mayina a mboni zija. Che Yasin anabwera pomwe tinakhalapo. Kenako anafunsa Sibongile ngati mbonizo zili ndi chokwera chopitira kukhoti, nanena kuti zimenezo aziona iwo.

Mlanduwo unatenga miyezi inayi. Inali miyezi yowawa, ndisaname. Ena anasiya kugula nyama kwa Bakili, ena ankati tikanangopepesa bwenzi zitatha kale, ndipo masiku ena ine ndemwe ndinkakayika. Sibongile anabwerera ku Zomba, koma madzulo a tsiku lililonse la mlandu ankaimba foni kufunsa kuti wanena chiyani ndani, ndipo ndikayamba kukometsera nkhani ankandidula kuti ndinene mawu enieniwo. Mboni zonse zinayi zinapita. A Nathan nawo, atafunsidwa ndi loya, anavomera kuti chikopa anachipeza poyera, palibe anachibisa.

Tsiku la chigamulo ine sindinapite, mtima sukanapirira. Ndinatsegula golosale koma sindikukumbuka ngati ndinagulitsa kanthu. Dzuwa litapendeka minibasi inaima pa siteji, ndipo woyamba kutsika anali Bakili, akupukusa mzuli wake m'mwamba. Khoti linamupeza wosalakwa. Ndinamuimbira Sibongile pomwepo. Anali akutuluka m'chipinda cha mayeso, ndipo nditamuuza ndinangomva akulira, anzake akumufunsa kuti kwagwa zotani kumudzi.

Ana a Bakili anathamanga kuchokera kuseri kwa msika. Atatu akuluwo anafika msanga, koma wotsiriza, Samira, amene anali atangophunzira kuyenda, anatsalira m'mbuyo akudzandira pafumbi, manja ali m'mwamba. Bakili anagwada pamsewu pomwepo kumudikira. Ndinayang'ana kamwanako ndi kuganiza kuti kakanayamba sukulu kasanadziwe nkhope ya bambo ake, ndipo amene akanamutumiza kundende si adani ayi, ndi ife abale ake, chifukwa chomukonda. Ndinalowa m'golosale, ndinatseka chitseko makasitomala ali pakhonde, ndipo ndinalira ngati pamaliro.